Wailesi ndi Panado wa Tsiku Lotuluka

Mayi wina analowa pageti la chipatala dzuwa lili paliwombo, atabereka mwana wamkulu ndithu, woti miyendo yake inkagunda m'mawondo mwa make. Nsapato imodzi inali itaduka panjira ndipo anaisiya komweko. Alonda amene masiku onse amavuta ndi mafunso anangotsegula.

Mwanayo anali wamkazi, wa zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo ankamutchula Wailesi, chifukwa chiphunzirireni kuyankhula anali asanapumepo. Ankayankhula podya, posamba, ngakhale pomukalipira. Ankafunsa funso n'kudziyankha yekha. Bambo ake, owotcherera zitsulo, ankati mwana ameneyu anabadwa wopanda batani lozimitsira. Koma tsiku limeneli Wailesi anali zii. Manja ake anali ozizira, milomo itauma, mutu wopanda tsitsi uja ukungogwedera paphewa la make.

Inu okonda nkhani za munthu amene anayamba ndi kugulitsa machesi lero ali ndi magalimoto, pepani, ino si imeneyo. Palibe amene alemere kumapeto kwake. Nkhani ndi yoti mwana uyu akhala moyo kapena ayi, ndipo ndineneretu kuti imandiwawa poikamba.

Wailesi anali ndi khansa ya m'magazi. Inayamba ngati kutopa wamba, kenaka magazi m'nkhama, kenaka kuwawa kwa mafupa koti mwana n'kumakana kuyenda. Anazungulira tizipatala tating'ono mpaka anawatumiza kuchipatala chachikulu, komwe anamuboola fupa la m'chiuno n'kutenga mafuta a m'kati kukayeza. Make, amene anali telala wa pakhonde la sitolo, anaphimba makina ake ndi nsalu n'kusamukira kuwodi ya ana. Kunyumba anasiya khanda loyamba kumene kuyenda, m'manja mwa mlamu wake.

Amene simunagonepo pansi pa bedi la mwana wodwala, thokozani. Pamwamba mwana akubuula, iwe pansi pakatoni, diso lili pa botolo la diripu kuti lisathe osaona. Mankhwala a khansa, amene kumeneko amangoti kemo, ndi aja akuti walira mvula walira matope. Tsitsi linatsala papilo. M'kamwa munabuka zilonda zoti ngakhale madzi ankamuotcha. Misempha ya m'manja inapsa, moti anamwino ankachita kusakasaka pobaya. Komabe Wailesi ankayankhula, zilonda zili chomwecho, ndipo ankadziwa dzina la mwana aliyense m'wodimo ndi matenda ake omwe.

Adokotala a wodiyo, mayi wamfupi wa magalasi, anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalibwereza mpaka kutopetsa. Ankati kemo akamapha khansa amaphanso asilikali a m'thupi, ndiye kachirombo kakang'ono koti mwana wina sangakamve n'komwe, mwana wa kemo kangamuphe tsiku limodzi. Chizindikiro chokha chimene thupi limapereka ndi kutentha. Mwana akatentha, osamupatsa panado, osadikira kuti kuche, koma kuthamanga naye. Ndipo mwana wotentha thupi satuluka m'chipatala, ngakhale tsiku lake lopita kukapuma kunyumba litakwana.

Apa ndi pamene panali vuto. Amayi odikirira odwala, atatopa ndi katoni ndi fungo la mankhwala, anali ndi kanjira kawo komwe ankati kukonza mwana. Likafika tsiku lotuluka mwana ali wofunda pang'ono, ankamumwetsa panado m'mamawa, kuti anamwino akamadzayeza apeze thupi lili bwinobwino. Wobwera kumene ankaphunzitsidwa ndi akale, monga momwe ankamuuzira mpopi wotuluka madzi ndi namwino woti osamuyamba.

Mphunzitsi wamkulu wa zimenezi anali mayi wina amene onse ankamutchula a Tcheya. Anali atakhalitsa m'wodimo kuposa wina aliyense, ndi mwana wawo wamwamuna wodwala matenda omwewo. Sanali munthu woipa, ndipo ndikana mpaka mawa. Ndi iwo ankatonthoza amayi olira, ndi iwo ankagawira anzawo sopo, ndi iwo ankadziwa kogona mtembo ndi kopita ukafedwa.

Tsiku loti Wailesi akapume kunyumba litafika, mwanayo anadzuka kusanache bwino n'kuvala diresi lake lachikasu. Anatsanzika bedi lililonse. Anali atakonzeratu zonse zoti akamuuze mng'ono wake, ngati kuti khandalo likamva. Make anamugwira pachipumi pomumanga mpango. Mwana anali wofunda.

Dzulo lake bambo ake anali atabwera ndi nkhani yomwe iwo ankaiona ngati yoseketsa, yoti khanda lija layamba kutchula azakhali ake kuti amama. Make Wailesi anaseka nawo, koma nkhaniyo inamukhala pakhosi. Tsopano anaima pambali pa bedi, dzanja lili pachipumi cha mwana, atagwira njakata.

A Tcheya anaona. Anafunsa kuti nkhope yatani ngati wameza singano, ndipo atamva, anagwira mwanayo n'kuseka.

"Aka n'kachisangalalo chabe, amake Wailesi. Mukawauza, za kwanu muiwale. Wanga uyu ndamukonza kangati, si uyo akusewerayo?"

Anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kutulutsa mapiritsi. Galu wamkota sakandira pachabe, anaganiza choncho make Wailesi, n'kumwetsa mwanayo. Namwino atabwera anayeza, anamwetulira, anawafunira ulendo wabwino.

Musafulumire kumuweruza. Ndani wa inu amene mwana atatentha sathamangira panado? Ndi zimene tinaphunzira kwa amayi athu, ndipo kwa mwana wina aliyense n'zoona zimathandiza. Iyeyu anachita zomwe manja ake anazolowera, pa mwana yemwe sankayenera kuchitiridwa zimenezo.

Kunyumba kunali chimwemwe cha tsiku limodzi. Wailesi anayankhula mpaka aneba anabwera kudzaona ngati kuli msonkhano. Madzulo thupi linatenthanso, make anamupatsanso panado. Mawa lake chimodzimodzi. Ankadziwa kuti ayenera kubwerera, koma ankaopa funso loti kutenthaku kwayamba liti. Manyazi anamumanga miyendo, ndipo anapitiriza kudziuza kuti kukacha zikhala bwino.

M'mawa wotsatira kutentha kunatha. Bambo ake anagwira mwanayo, anapeza wazizira, anati zatheka, n'kunyamula chipewa chawo chowotcherera kupita kuntchito. Sankadziwa kuti kuzizira kumeneko kunali kugonja kwa thupi. Make atamuitana kuti adzamwe tiyi, Wailesi anayankha zosamveka, maso ali pena. Atamuimika anagwa ngati nsalu yonyowa. Ndi pamene anamuponya kumsana n'kuthamanga mpaka kutaya nsapato ija.

M'chipinda cha odwala mwakayakaya anamugoneka n'kuyamba kufuna msempha. M'manja munalibe, m'miyendo munalibe. Pamapeto pake anabaya singano m'fupa la mwendo kuti madzi alowere mmenemo, ndipo mwanayo sanalire. Adokotala a magalasi aja anatembenuka n'kufunsa funso lomwe make ankaliopa lija.

"Kuyambira tsiku lotuluka lija, adokotala. Ndinamumwetsa panado asanamuyeze."

Adokotala anatseka maso kanthawi. Sanakalipe. Anangoti zikomo pondiuza, n'kuuza namwino kuti asinthe mankhwala omwe anali atakonza, abweretse amphamvu kwambiri, poti tizirombo tinali titakhala m'magazi masiku angapo. Anachenjeza make kuti mankhwala amenewo nthawi zina amavulaza impso kapena makutu, koma panalibe kuchitira mwina. Make Wailesi akanakonda akanamumenya mbama. Zikomo ameneyo anamuwawa kuposa mbama.

Masiku otsatira ndi ovuta kuwafotokoza, chifukwa munalibe chochitika. Mwana ali gone, mpweya ukulowera m'chipaipi, magazi a munthu wosamudziwa akudontha kulowa m'thupi mwake. Make anakhala pampando wachitsulo osasamba, osadya zomveka. Pemphero linamukanika. Ankangoti akatsegula pakamwa kuti apemphe, mawu ena mumtima ankamufunsa kuti ukupempha chiyani iwe amene wachita zimenezi.

Kenaka m'mawa wina Wailesi anatsegula maso. Anayang'ana make, anayang'ana anamwino, n'kufunsa mokweza kwambiri kuti bwanji aliyense akungoyendetsa milomo. Make anamuitana dzina lake lenileni, anamuitana la Wailesi, mwana akungoyang'ana kudenga. Nthawi yomweyo mbale yachitsulo inagwa pansi kuseri kwa bedi. Onse m'chipindamo anadzidzimuka, kupatula iye.

Impso zinapulumuka. Makutu anapita, ndipo atamuyeza anati sadzabwereranso.

Bambo ake atamva, anasanduka munthu wina. Bambo wofatsa uja, amene ankapirira nthethe za moto tsiku lonse osadandaula, anaima pakati pa wodi n'kuuza adokotala kuti iye anabweretsa mwana wodwala magazi, osati makutu, ndiye amubwezere mwana wake asanamuchotsenso maso. Achibale anathira mafuta pamoto, ati tinanena ife kuti mankhwala amenewa ndi poizoni. Adokotala anafotokoza modekha kuti khansa inali itangogona, siinafe, ndipo kusiya kemo pamenepo kunali kuidzutsa. Za panado sanatchule. Anasunga chinsinsi cha mayi mnzawo.

Make Wailesi akanatha kukhala chete, mlandu n'kugwera chipatala, ukwati wake n'kutsala bwinobwino. Koma bambo aja anali atayamba kale kulonga zovala za mwana m'chikwama, ndipo panalibe china chimene chikanawaimitsa. Anawagwira dzanja n'kuwauza zonse, kuyambira pachipumi chofunda mpaka mapiritsi omwe ankamupatsa kunyumba iwo ali kuntchito.

Bambo aja anaika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti makutu a mwana wanga munatseka ndinu?"

"Ndine, bambo ake. Koma mukamutulutsa muno tikamuika m'manda, ndipo mlandu umenewo udzakhala wa tonse awiri."

Bambo aja anatembenuka. Anatuluka, chikwama anachisiya pomwepo. Mwana anatsala m'chipatala, koma kuyambira tsiku limenelo bambo aja anasiya kuyankhula ndi mkazi wawo. Ankabwera ndi chakudya, kuika pakabati, kusisita mutu wa mwana, n'kumapita. Kunyumba ankadutsana ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi.

Pasanapite nthawi yaitali mwana wa a Tcheya anamwalira. Anali atapita naye kunyumba kukapuma, anabwera naye atafooka kale, ndipo sanagone n'komwe m'wodi. Ngati kunali kukonza kuja kapena matendawo anangomugonjetsa, ine sindikudziwa, ndipo sindifuna kunama. A Tcheya analonga beseni lawo, mbale ndi kabulangete. Podutsa pabedi la Wailesi anaima.

"Ndimati ndikukuthandizani, mwanawanga."

Make Wailesi anali atakonzera mayi ameneyu mawu ambiri owawa, koma onse anathawa. Anangowalandira beseni lija n'kuwaperekeza mpaka pakhomo.

Atabwerera anapita kwa namwino wamkulu n'kuulula za kukonza ana. Musaganize kuti anamuombera m'manja. Amayi anzake anamutcha kazitape, ati walakwitsa wekha ndiye ufuna kutitsekera tonse. Pochapa ankamusiya yekha. Akalowa, nkhani inkatha. Anamwino anayamba kuyeza ana kangapo asanawatulutse ndi kukhala pansi ndi mayi aliyense wobwera kumene, koma ndinganame nditati khalidwelo linatheratu. Munthu wotopa amapeza njira.

Chowawa kwambiri chinali chakuti Wailesi anasiya kuyankhula. Poyamba ankakuwa, posadzimva yekha, ana anzake n'kumamuseka. Kenaka anangotseka pakamwa. Ankakhala pabedi kuyang'ana milomo ya anthu ngati akuyang'ana pawindo la nyumba ya eni. Akamubaya jakisoni wa pamsana, make ankamugwira n'kumamuuza kuti pepa mwanangu, atsala pang'ono, kenaka n'kukumbukira kuti akuyankhula yekha.

Panali masiku oti mayiyu ankatuluka m'wodi, kukakhala pamasitepe a kuseri, n'kumaganiza kuti mwina bambo ake ankanena zoona. Kumuzunziranji mwana ndi mankhwala zaka zonsezi, kuti akachira adzakhale moyo wotani? Mwamuna sakumuyankhula, anzake akumusala, khanda lake likumuthawa, mwana amene akumuvutikira sakumumva. Anasowa mtengo wogwira. Palibe mngelo amene anabwera pamasitepe paja. Ankangolira, kupukuta nkhope, n'kubwerera chifukwa nthawi ya mankhwala yakwana.

Ngati mukufuna chinsinsi cha nkhaniyi, ndi chimenecho basi, ndipo n'chosasangalatsa. Ankabwerera. Tsiku la kemo likafika, ankapita naye, mwana akukana, akudzigwetsa, akumuluma dzanja. Mapiritsi a kunyumba sanadumphitse. Thupi likangofunda, ngakhale pang'ono, ankamubereka ulendo wa kuchipatala, kaya mvula kaya dzuwa. Nthawi zambiri ankapeza kuti n'chimfine chabe, mpaka anamwino anamupatsa dzina loti Ambulansi. Iye analibe nazo ntchito. Kawiri konse ulendo woterewo unapezadi tizirombo m'magazi, ndipo anatigwira tisanafalikire.

Thandizo linachokera komwe sankayembekezera. Kumalo owotcherera zitsulo kumakhala phokoso loti munthu sumva mnzako, ndiye amisiri ali ndi kayankhulidwe kawo ka manja: bweretsa, zimitsa, wapsa, abwana akubwera. Tsiku lina bambo ake atakhala pambali pa bedi, namwino wina wovuta akulowa, anachita chizindikiro cha abwana akubwera, nkhope ili gwa. Wailesi anayang'ana bambo ake, anayang'ana namwinoyo, n'kuphulika kuseka. Aka kanali koyamba kuseka chitsekekereni makutu.

Kuchokera pamenepo awiriwo anapanga zizindikiro zawo, za mankhwala owawa, za njala, za azakhali olongolola. Kenaka panapezeka mphunzitsi wa chinenero cha manja amene ankabwera kuchipatalako, ndipo mwanayo anachigwira msanga kuposa makolo ake. Make ankaphunzira poonerera, manja ake ozolowera singano akulakwitsa, mwana n'kumamukonza mosaleza mtima. Mawu apakamwa nawo anabwerera, okhota pang'ono, okwera mosayenera, koma anabwerera.

Za makolo awiriwo sindikongoletsa. Panalibe tsiku lopepesana. Kungoti m'mawa wina thupi la mwana litafundanso, make akukonza nsalu yoberekera, bambo aja anaima pakhomo n'kunena kuti, "Tsogolani, mayi, ndimunyamula ndine." Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba kwa iye patapita miyezi yambiri. Bala linatsala, ndipo mpaka pano pali nkhani zomwe sazikhudza.

Zinatenga zaka ziwiri ndi kanthu. Ana ambiri amene Wailesi anawatsanzika tsiku la diresi lachikasu lija sanafike kumapeto. Ena matenda anawabwerera, ena makolo anawatenga pakati pa mankhwala ataona kuti akuoneka bwino, osabwereranso. Iye anatsala, wowonda, wamfupi kuposa msinkhu wake, wa zipsera m'manja monse.

Atamaliza mankhwala anamuboolanso fupa lija kuti aone ngati khansa ikadalimo. Tsiku lomva zotsatira analowa atatu m'kachipinda ka adokotala. Mwanayo anakhala pakati. Adokotala ankayankhula atayang'ana makolo, ndipo magalasi ndi kuwala kwa pawindo zinamulepheretsa Wailesi kuwerenga nkhope yawo. Choncho anachita zomwe anazolowera, anayang'ana make.

Adokotala anati sanapeze kanthu. Mafuta a m'fupa anali oyera. Anati apitiriza kumuona kwa zaka zingapo, poti matendawa salonjezeka, koma kemo watha.

Make Wailesi, amene nthawi yonseyi ankalirira kumasitepe kuti mwana asamuone, analephera kudzigwira. Analira mokweza, nkhope ataikwirira m'manja. Bambo ake anayang'ana kukhoma, misozi ikutsika.

Mwanayo anaona make akulira, anaona bambo ake akulira. Anali atakhala m'wodi ija nthawi yokwanira kudziwa kuti makolo amalira chotero akauzidwa chiyani. Anagwira dzanja la make, analichotsa kunkhope, n'kufunsa ndi mawu ake okhota aja, modekha ngati munthu wamkulu.

"Amama, ndifa?"

Zizindikiro zonse zomwe make anaphunzira zinamuthawa. Anagwada pansi, anagwira nkhope ya mwana wake ndi manja onse awiri kuti aone bwino milomo, n'kunena pang'onopang'ono, mobwereza, kuti ayi, sufa, wachira.

Wailesi anayang'anitsitsa milomoyo mpaka anatsimikiza. Kenaka anapukuta misozi ya make ndi chikhatho chake n'kunena kuti ndiye basi tiyeni kwathu, muno ndatopamo.

Lero ali pasukulu ya ana osamva. Mawu a make sadzawamvanso, ndipo make amadziwa chifukwa chake tsiku lililonse akadzuka. Zimenezo palibe nkhani yolimbikitsa imene ingazifufute.

Ndiye inu amene muli pansi pa bedi la mwana wanu, kapena amene mwalakwitsa chinthu choti simungachibweze, mverani. Mwana wa kemo akatentha thupi, musabise, thamangani naye. Ngati mwabisa kale, kaneneni lero, manyazi sapha koma kuchedwa kumapha. Ndipo musaganize kuti kulakwa kwanu kwakuchotsani pa udindo, chifukwa mwanayo alibe wina woti amubereke. Lirani mpaka misozi ithe, kenaka pukutani nkhope mubwerere m'wodi. Osataya mtima, pakuti mayi yemwe uja anatseka makutu a mwana wake ndi yemwenso anamusungira moyo.